Anavina Nyimbo ya Mwana Wanga

Linali Loweruka, nthawi itangokwana leveni koloko m'mawa, ndili pa msika wa Namadzi ndi dengu la nandolo pamutu. Chaka chinali chitatha amuna anga atamwalira. Ndikudutsa pa kashopu koikira nyimbo m'mafoni, sipika yawo inayamba kugunda ng'oma za pa kiyibodi zija zimene zimagwedeza m'mimba. Sindinasamale, chifukwa pamenepo pamakhala phokoso tsiku lililonse. Kenako mawu a akazi analowa, ndipo miyendo yanga inaima yokha.

Inali nyimbo ya amuna anga. Anaithamangitsa ngati mbuzi yoba m'munda, koma ndinaidziwa. Mayi wina wogulitsa tomato ankagwedeza mapewa atakhala pansi. Akabaza awiri ankavina atagwira zishalo za njinga zawo.

Ndinatula dengu pakhomo la shopuyo.

"Nyimboyi ndi ya ndani?"

"Yatsopano imeneyi, mayi. Yavuta. Ukwati uliwonse panopa ndi imeneyi," anatero mwini shopuyo. "Muli ndi memore khadi tikuikireni?"

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Panali chithunzi cha mwamuna wovala suti yoyera, atatambasula manja. Anali mwana wa achemwali a amuna anga, mnyamata amene ndinamuphikira ndi kumuchapira zaka zonse za ku sekondale. Nandolo uja ndinamugulitsa kwa munthu woyamba amene anandifunsa, osatsutsa mtengo, n'kubwerera kunyumba wapansi.

Amuna anga anali mphunzitsi wa pulayimale, koma ntchito imene ankaiyesa yawo yeniyeni inali kupeka nyimbo za kwaya. Kwawo kunali kufupi ndi Nguludi. Ali mwana, wansembe wina wokalamba anawaphunzitsa kuimba limba ndi kuwerenga manotsi, timadontho ta michira tija timene amalemba pa mizere isanu. Ine sukulu ndinalekeza sitandade folo. Timadonthoto ndinkationa ngati ambululu a m'chithaphwi. Koma mawu ndinali nawo, ndipo anandipeza ndikuimba alito m'kwaya ya kwathu atabwera kudzaphunzitsa pa sukulu ya m'mudzi mwathu. Anamanga nyumba pa malo a amayi anga, monga mkamwini aliyense.

Nyimbo iliyonse imene anapeka inayamba yadutsa pakhosi panga. Ndikhala ndikusenda chinangwa pakhonde, iwo n'kutuluka ndi pensulo kukhutu.

"Mayi, tasiyani kaye zimenezo. Gwirani liwu ili, musalisiye."

Ine n'kuligwira, mpeni uli m'manja. Iwo n'kumaimba lawo pamwamba pa langa, kenako pansi pake, kumvetsera ngati munthu wogogoda mbiya kuti aone ngati ili ndi mng'alu.

"Mwatsika."

"Sindinatsike. Mpweya watha. Ndine munthu ine, si limba."

"Limba silimayankha," iwo n'kutero, akulowanso m'nyumba.

Nyimbo zawo sizinali zovinira. Zinali zazitali. Mawu anayi aja, sopulano, alito, tena ndi besi, ankalowa limodzilimodzi, nthawi zina n'kumakhulana ngati anthu okangana, mpaka munthu kuganiza kuti wina walakwitsa, kenako n'kudzagwirizana kutsogolo. Anthu ena ankati nyimbo za aphunzitsi n'zogonetsa tulo. Iwo ankayankha kuti wofuna kuvina apite ku tchopa. Sikuti ankanyoza tchopa. Ankakhala tsiku lonse kumene akuvina, kumvetsera ng'oma, ndipo mu Misa imene anapeka m'Chinyanja muli malo amene besi imayenda ngati ng'oma yaikulu ya tchopa, koma ndi pakamwa pokha.

Kujambula koyamba kunali kwa kaseti. Kunabwera bambo wina wa m'tauni ndi makina ake, n'kuimika zinkuzamawu m'tchalitchi mwathu. Tambala wa akatekisiti anasankha tsiku lomwelo. Tikafika pakati pa nyimbo, iye n'kulira pawindo. Amuna anga n'kutsitsa dzanja, n'kunena kuti tiyambirenso. Dzuwa litapendeka, akatekisiti anatuluka osalankhula ndi munthu, ndipo madzulo ake kwaya yonse inadya tambalayo. Kachiwiri tinapita ku situdiyo m'tauni kukajambula Misa ija. Nthawi ya Lenti ankaiika pa wailesi, ndipo ikayamba amuna anga ankaimirira pakati pa nyumba ngati wailesiyo ikuwaona. Kachitatu inali CD ya masautso a Ambuye, nyimbo imodzi yaitali yogawidwa zigawo. Sinayende malonda. Makatoni ake anakhala pansi pa bedi lathu mpaka imfa yawo. Kumapeto kwa CD imeneyo anaikako nyimbo ina yaifupi, imene siinali ya masautso. Ndiyo imene ndinaimva pa Namadzi.

Tinali ndi ana aakazi awiri pamene ndinatenga pakati pachitatu. Anabadwa wamwamuna. Anayamwa masiku ochepa, n'kumwalira tisanatuluke m'chikuta, asanabatizidwe, asanapatsidwe dzina. Kwathu mwana wotero amamutcha mtayo. Salira maliro ake. Saimba, sakhoma bokosi, samanga msasa wa pamaliro. Amayi achikulire okha ndi amene amamutenga, n'kukamuika m'mbali mwa manda, amuna osapitako. Amayi anga ndi azakhali anga anamukulunga m'kansalu ndili pamphasa pomwepo. Pamene kukhosi kwanga kunayamba kutseguka, azakhali anandigwira pakamwa ndi dzanja lawo.

"Usayerekeze. Ukalira sudzaberekanso."

Ndinameza. Ndinamva dzanja lawo likununkha utsi, ndipo ndinameza. Amuna anga anali atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi khasu limene sanaloledwe kukumbira. Sanauzidwe ngakhale malo ake. M'mawa mwake anavala taye n'kupita kukaphunzitsa masamu. Ine sindinalire, monga anandiuzira, ndipo sindinaberekenso.

Patapita miyezi, amuna anga anatuluka ndi pensulo kukhutu. Nyimboyo mawu ake ndi ochepa. Imangopempha Ambuye kuti asamusiye yekha, osanena kuti ndani. Imayamba ndi alito yokha, pansipansi, pang'onopang'ono. Tena imalowa pambuyo, kenako enawo, n'kumakwera mpaka pamene munthu akuyembekeza kuti tsopano mawu aphulika. Pamenepo onse amasiya. Kwaya yonse imakhala chete, amuna anga atakweza dzanja lofumbata, nthawi yaitali ndithu, moti wansembe wina wachilendo anaimirira kuti apitirize mapemphero poyesa kuti yatha. Dzanja likatseguka, alito imayambanso yokha.

Tsiku limene ankandiphunzitsa ndinawafunsa kuti pakatipo aiwala chiyani.

"Sindinaiwale. Apa ndi pamene anakuletsani kulira. Sindiikapo kanthu."

Sitinakambenso za zimenezo mpaka kufa kwawo. Palibe wina amene ankadziwa. Kwaya inkaiimba kamodzi pachaka, mu Novembala, tsiku lopempherera akufa, ndipo anthu ankayesa kuti ndi ya akufa onse. Ine ndinkaima kutsogolo kwa alito, ndipo pamalo achete paja ndinkakhala ndi mwana wanga.

Amuna anga anamwalira ndi matenda a shuga. Anakaikidwa kwawo, chifukwa mkamwini sagona m'manda a eni. Itakwana nthawi yondisudzula, kunabwera alamu anga, achemwali awo aja, ndi mwana wawo uja pamodzi ndi akuluakulu a kuchimuna. Nyumba ndi munda anandisiyira, pakuti malo ndi a kwathu. Anatenga njinga, masuti, kalimba kakang'ono, mapepala onse a manotsi, makaseti ndi makatoni a pansi pa bedi. Sindinakangane nawo. Ndinangopempha CD imodzi.

"Muziimbira pachiyani, alamu?" anatero alamu anga. "Choimbira chanu chinafa kalekale. Zingoonongeka kuno."

"Musadandaule, anti," anatero mwana wawoyo. "Ndizisunga ine. Ndine amene ndikudziwa ntchito yake."

Ankaidziwadi. Nthawi imene ankakhala kwathu ankaimba tena, ndipo amalume ake ankati khutu lake ndi lakuthwa kuposa onse amene anawaphunzitsapo.

Nditamva nyimbo ija pa msika, ndinadikira mpaka nditamva kuti wabwera kwa amayi ake kuchokera m'tauni. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza. Ndisanafike pakhomo ndinaona zinthu zikung'anima m'munda wa mapira wa alamu anga. Ndinayandikira. Anali ma CD a amuna anga, atawamanga pa zingwe kuchokera pa mtengo kufika pa mtengo kuti aziopseza mbalame. Dzuwa ndi mvula zinali zitawasenda. Pena nkhope ya amuna anga inkaonekabe theka, ikuzungulira ndi mphepo. Ndinadula imodzi ndi mano, n'kuiika m'chikwama.

Anandilandira bwino. Anandiyalira mphasa, mwana wa alamu anga uja atakhala pampando ndi anzake awiri a m'tauni.

"Anti, mwaimva? Amalume atchuka tsopano. Mwamva koyambirira kuja ndawatchula dzina? Ngakhale ku Joni anthu akuiimba."

"Ndaimva."

"Ndinadziwa kuti musangalala. Nyimbo zija zimangoola pansi pa bedi."

"Pakati paja waikapo chiyani?"

Ndinkadziwa chimene anaikapo. Pamalo achete paja ng'oma zimagubuduka, wina n'kuliza likhweru, iye n'kukuwa kuti aliyense manja m'mwamba.

"Pajatu panali dzenje, anti. Wa situdiyo anati pa wailesi simungakhale chete choncho, anthu amayesa magetsi azima."

Anzake aja anaseka. Mmodzi anati, "Pamenepo ndiye pamene pamakoma, mayi. Akwati amachita kudumpha."

"Amalume ako anakuphunzitsa kuti panali dzenje?"

"Amalume anali munthu wakale. Anali ndi luso, koma msika sankaudziwa."

Mawu anafika pakamwa panga. Koma panali amuna achilendo, panali alamu anga, ndipo za mtayo sanena pabwalo. Dzanja la azakhali linali likadali pakamwa panga, ngakhale iwo anali atakalamba moti sankathanso kunyamula ndowa. Ndinangoti andipatse nyimbo yeniyeniyo, mmene inalili.

Anakanda m'mutu. Anati anaiika m'kompyuta ya ku situdiyo, ndipo ataidula n'kuikonza, kompyutayo inadzafufutidwa. Makaseti anadyedwa ndi nkhungu. Ndinafunsa za mapepala.

"Mapepala ake ati?" anatero alamu anga. "A timadontho aja? Tinkakulungira mandasi. Enawo makoswe. Mukanati ndi ofunika, alamu."

"Ndinapempha CD imodzi, munati iwonongeka kwathu."

"Nanga ife timadziwa? Komanso mbalamezi zatisautsa chaka chino."

Anabweretsa chakudya. Ndinasamba m'manja chifukwa cha ulemu wa malemu, koma sindinadye. Pobwerera ndinadzera pa Namadzi ndi CD ya m'munda ija. Mwini shopu anaipukuta ndi malaya ake, n'kuilowetsa m'makina, makinawo n'kuilavula. Ndinafunsa m'midzi kwa anthu amene ndinkakumbuka kuti anagula. Ena anali atamwalira, ena anataya atagula mafoni, ena ana anamangirira ku masipoko a njinga. Mwana wanga wamkulu anakafunsa ku wailesi m'tauni. Anamuuza kuti adzabwerenso, amene amasunga zakale palibe.

Mpaka pamenepo ndinkati bola ku tchalitchi kwathu ilipo. Ine m'kwaya ndinali nditasiya chimwalirire amuna anga, ndipo inkatsogoleredwa ndi mphunzitsi wina watsopano amene anabwera ndi kiyibodi. Achikulire ambiri anali atachoka, mwadzaza achinyamata. Novembala atafika, tsiku lopempherera akufa, ndinavala chitenje changa chakuda n'kukakhala kumbali ya amayi. Nthawi ya nyimboyo itakwana, mphunzitsiyo anadina batani, ng'oma zija n'kuyamba. Anaimba ya pa msika ija. Atsikana akutsogolo ankasuntha mapazi uku ndi uku, atanyamula timipango toyera. Atafika pamalo paja, mnyamata wina wa besi analiza likhweru m'nyumba ya Mulungu.

Ndinaimirira n'kutuluka Misa ili m'kati, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinapita kuseri kwa tchalitchi n'kugwira khoma. Sindinkalira ayi. Ndikanapeza mwala waukulu pamenepo, kiyibodi ija ikanatha.

Lachitatu lake ndinapita kumene kwaya imaphunzirira. Azakhali anga anamva kuti ndikupita, ndipo ananditsatira ndi ndodo yawo, n'kukhala pakhomo. Mphunzitsiyo anandilandira mwaulemu.

"Amayi athu abwera. Mwabwerera ku alito?"

"Ndabwera ndinene za nyimbo munaimba ija."

"Eya, ya malemu aphunzitsi. Taikonzako pang'ono kuti igwirizane ndi nthawi."

"Inu muli ndi ana, aphunzitsi?"

"Mmodzi."

"Ine ndinali ndi atatu. Inu mumadziwa awiri."

Azakhali anagogoda ndodo pansi. "Iwe. Zimenezo sanena."

"Mwandiletsa kamodzi, azakhali. Chakwana."

Ndinawauza zonse, nditaimirira, anyamata ndi atsikana ali pomwepo. Ndinawauza za kansalu, za khasu, za mwana amene alibe dzina ngakhale mtanda, amene malo ake akuwadziwa ndi mayi wakhala pakhomoyo basi. Ndinawauza kuti bambo ake sanamupatse bokosi, sanamupatse dzina, anangomupatsa kamphindi kachete m'kati mwa nyimbo, kamodzi pachaka, ndipo iwo aikamo likhweru. Mawu anga sanakwere. Ndinkalankhula ngati ndikuwauza mtengo wa feteleza.

Mtsikana wina anaseka chifukwa cha manyazi, mnzake n'kumutsina. Azakhali anadzuka n'kumapita, akudandaula kuti ndaitana tsoka pa mbumba yonse. Mpaka lero salowa m'nyumba mwanga. Mphunzitsiyo anapepesa, ndipo ndikukhulupirira kuti anapepesa ndi mtima wonse. Koma anati yakaleyo iye saidziwa, sanaimvepo, ndipo popanda manotsi kapena CD sangaiphunzitse. Anati yatsopanoyo asiya kuiimba mu Novembala, koma pa maukwati anthu amachita kuipempha.

Mayi wina wachikulire wa sopulano, amene tinkaimba naye kuyambira nthawi ya tambala uja, ananditsatira panja.

"Anzanga, inenso anandigwira pakamwa," anatero. "Kawiri."

Tinayenda limodzi mpaka pamphambano. Pamenepo anaima, n'kuyamba kuimba sopulano yake motsitsa, ine n'kulowa ndi alito. Zinali m'mitu mwathu zonse, osasowa liwu limodzi. Sabata yotsatira tinali amayi anayi pakhonde panga. Wina anakumbuka kuti bambo amene ankatsogolera besi anasamukira kwa mwana wawo cha ku Mbombwe. Ndinapita pa kabaza. Ndinawapeza maso atachita khungu, koma nditangoyamba alito, iwo analowa pamalo pake penipeni, ndipo pofika pachete paja anakweza okha dzanja lofumbata. Anavomera kuphunzitsa amuna awiri a kwathu, bola tiziwatengera kumeneko.

Yatsala tena. Amene ankaiimba ena anamwalira, ena akukumbuka zidutswa zosagwirizana. Amene akuidziwa yonse ndi mmodzi, mwana wa alamu anga uja.

Nkhani inamupeza m'tauni, ndipo anaimba foni kwa mwana wanga kuti alankhule nane.

"Anti, bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

"Ine sindimadziwa. Ndikanadziwa sindikanatero."

"Unaima kutsogolo kwa dzanja la amalume ako zaka zonse zija. Unkayesa akupumitsa mkono?"

Anati abwera adzaphunzitse tena, ulendo adzilipirira yekha. Ndinamufunsa ngati asiya kuiimba m'maukwati. Anati nyimboyo ili kale m'mafoni a anthu, sangaibweze. Ndinati za m'mafoni ndikudziwa, ndikufunsa za pakamwa pake. Anati anthu akamuitana amaitanira imeneyo, ali ndi ana, ali ndi lendi, ndimumvetse.

"Tsiku limene udzasiye kukuwa pamalo paja, udzabwere," ndinatero. "Khomo ndi lomwe lija."

Amayi anzanga ena amati ndaumitsa mtima, ndimulole abwere, nyimbo ikwane bambo a ku Mbombwe akadali moyo. Mwina akunena zoona. Koma Loweruka akuwe manja m'mwamba pa mwana wanga, Lachitatu adzaime pakhonde panga ndi nkhope ya maliro, zimenezo ine ayi. Sanasiye, ndipo sanabwere.

Ku msika ndimapita Loweruka monga kale, koma ndimazungulira kumbuyo kwa ogulitsa makala kuti ndisadutse pa shopu ija. Lachitatu lililonse ndimasesa pakhonde, ndimayala mphasa ziwiri, ndipo timaimba ndi mawu atatu.